Laputopu kapena foni ndi sola? Mwana wanga wasankhidwa ku yunivesite

Mayi wa ku Malindi:
Moni nonse. Ine ndimagulitsa usipa ndi utaka kuno ku Malindi, ndipo mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma. Mtima ndi wokondwa, koma tulo sindikuona. Anzake amene anayamba kale akumuuza kuti chiyambire Covid-19, manotsi, maasayimenti ndi zolengeza zambiri zimadutsa pa intaneti, ndipo matenda atavutanso ngati mmene kolera inatisautsira kuno mu 2022 ndi 2023, akhoza kuwabweza kumudzi kuti aziphunzira pa foni. Kandalama kamene ndagawana ku banki mkhonde sikangakwane zonse. Ndigule laputopu ya kaunjika, kapena foni yabwino ndi kasola? Kwathu kuno magetsi sanafike. Inu amene munali pasukulu mu 2020, munkatani?

Mnyamata wa ku Namwera:
Amayi, choyamba landirani mafuno abwino, mwagwira ntchito. Ine zinandipeza ndili chaka chachiwiri. A Peter Mutharika atalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi, sukulu zonse zinatsekedwa pa 23, ife n'kulongedza zikwama kubwerera kumudzi. Patapita nthawi anatiuza kuti tiziphunzira pa intaneti: pa Moodle, pamene aphunzitsi amaika manotsi ndi maasayimenti, ndi pa Zoom, pamene amaphunzitsa inu mukuwaona ndi kuwamva nthawi yomweyo.

Laputopu ndinali nayo, koma inangokhala m'chikwama. Ndikanaitchaja kuti? Foni ndinkaisiya kwa ometa pa msika, ndikulipira, koma laputopu ankakana kuti imamaliza batire yawo. Netiweki nayo kuno kufupi ndi Chiponde imachita kuisaka, nthawi zina foni imangokoka ya ku Mozambique. Ndinkakwera pa chulu kuseri kwa dimba la agogo, kope lili pabondo, aphunzitsi akuyankhula mawu akudukaduka, bandulo n'kutha phunziro lisanafike pakati. Zoom imadya ndalama koopsa, amayi.

Chimene chinatipulumutsa ndi gulu la WhatsApp la kalasi. Anzathu a m'tauni ankatitumizira manotsi ndi mawu ojambula, ife n'kumatsitsa pakati pa usiku ndi bandulo yotchipa, m'mawa n'kumamvera pang'onopang'ono. Ndiye ine ndikuti muyambe foni yosunga moto nthawi yaitali, yokhala ndi malo ambiri osungira zinthu, ndi sola yoti izitchaja foni ndi kuyatsa babu limodzi. Laputopu idzabwera.

Mphunzitsi wa pa boma:
Achimwene a ku Namwera anena zoona, koma pa laputopu ndisiyana nawo pang'ono. Amayi, mwanayo akukaphunzira chiyani? Ngati ndi zowerengera ndalama, zomangamanga kapena za kompyuta, foni payokha siingamufikitse patali. Ngakhale maphunziro ena, kulemba asayimenti ya masamba khumi ndi zala ziwiri pa foni ndi chilango. Komanso musaiwale kuti miyezi yambiri adzakhala kusukulu, kumene magetsi aliko, osati ku Malindi. Mu 2020 momwemo boma linayamba kutsegula sukulu pa 7 Seputembala, kuyambira ndi a chaka chomaliza, chifukwa zina sizitheka patali. Namwino sangaphunzire kubaya jakisoni pa Zoom. Mukasankha ya kaunjika, mupite ndi munthu wodziwa, ayizule pamoto muone ngati batire ikusunga musanapereke ndalama.

Mlongo wa ku Monkey Bay:
Amayi, ine ndiyankhula zimene abambowa sanatchule. Foni ndinali nayo, magetsi kwathu analipo, netiweki inalinso bwino. Chimene ndinasowa ndi nthawi. Mtsikana akakhala pakhomo, aliyense amaona kuti manja awonjezekera. Phunziro likuyamba 8 koloko, ine ndili kunyanja ndi mbale ndi zochapa. Ndikangokhala pansi ndi foni m'manja, azakhali amati ndikucheza ndi anyamata pa Facebook, ndidzuke ndikasonkhe moto. Mchimwene wanga ankawerenga m'chipinda chitseko chotseka, palibe womugogodera. Mayeso a chaka chimenecho ndinakhoza mwa mwayi.

Ndipo mukukumbukira nonse mmene boma lathu la Mangochi linatchukira pa wailesi chaka chimenecho ndi nkhani za atsikana otenga mimba ndi kukwatiwa sukulu zili zotseka. Anzanga ena a ku sekondale sanabwererenso m'kalasi. Choncho chilichonse chimene mugule, akadzabwezedwa kunyumba mudzamuteteze. Muwauze a pakhomo onse kuti kuyambira m'mawa mpaka masana mwanayu ali kusukulu, ngakhale akumuona pakhonde. Asatumidwe kumsika, asapatsidwe mwana woti abereke.

Mayi wa ku Malindi:
Zikomo kwambiri nonse. Mwana wanga wa ku Monkey Bay, mawu akowo andilasa, chifukwa ine ndemwe ndimamudalira mtsikana wanga wosankhidwayu kuyanika nsomba pa thandala akakhala pa holide. Ndikambirana ndi bambo ake ndi alongo ake usiku uno. Aphunzitsi, iye akukachita za uphunzitsi, Chichewa ndi mbiri yakale. Ndiye ndaganiza zoyamba ndi foni ndi sola, laputopu tidzaione tikadzagawananso ku banki mkhonde mu Disembala. Loweruka ndikuoloka mlatho kubwera pa boma. Achimwene a ku Namwera, sola yoti itchaje foni ndi kuyatsa babu ndifunse ya mphamvu zingati, kuti asandigulitse yosathandiza?