Disiki ya Raspberry Pi ikungowonongeka ngakhale ndiyendetse fsck

Wa ku Matawale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kwa kasitomala wanga kuli ma Raspberry Pi 4 (timakompyuta tating'ono) opanda SD khadi, amayaka potenga zonse pa seva kudzera pa netiweki. Imodzi yayamba kulemba "EXT4-fs error" mu dmesg (momwe mumaoneka mauthenga a sisitimu), kenako disiki imakana kulembedwa, anthu akulephera kusunga ntchito yawo. Ndikayendetsa fsck (pulogalamu yokonza disiki) zimatheka, koma mawa lake vuto labwereranso.

Wa ku Chinamwali: Amenewo ndi magetsi achimwene. Pi 4 imafuna 5.1V ndi 3A, machaja ambiri a foni safikapo. Tayesani vcgencmd get_throttled.

Wa ku Matawale: Yatulutsa 0x0, kutanthauza kuti magetsi ali bwino, ndipo seva ili pa UPS (batire yothandiza magetsi akazima).

Wa ku Sadzi: Tadikirani kaye. Root yanu (pamene pali mafailo a sisitimu) Pi imaipeza pa seva kudzera pa NFS kapena iSCSI? Ikanakhala NFS, Pi sikanadandaula za ext4 (kasanjidwe ka mafailo pa disiki), chifukwa imangopempha mafailo, amene amagwira disiki ndi seva. Ikamadandaula yokha chonchi ndiye kuti ikulemba pa disikiyo mwachindunji, monga zimakhalira pa iSCSI.

Wa ku Matawale: Ndi iSCSI, madala. Ndinazipeza zili choncho.

Wa ku Sadzi: Kwabwera Pi yatsopano posachedwapa?

Wa ku Matawale: Eya, anaonjezera ina.

Wa ku Sadzi: Ndiye pitani pa seva muone amene alumikizidwa pa port 3260 ya iSCSI. Pi ikamayaka imafufuza pa TFTP (pomwe imatenga mafailo oyakira) foda ya dzina la manambala 8 omaliza a serial yake. Ikapanda kuipeza imatenga mafailo a mu foda yaikulu ya TFTP, ndipo cmdline.txt (failo yonena disiki yoyakira) ya mmenemo ikhoza kuilozera disiki yomweyo ya Pi yovutayo. Ext4 sinapangidwe kuti makina awiri aziilemba nthawi imodzi. Iliyonse imasunga mu RAM mapu ake a malo opanda kanthu, iyi n'kulemba pamene inzake yalemba kale. Zili ngati anthu awiri akulima munda umodzi aliyense akuyesa ndi wake yekha.

Wa ku Matawale: Ndaona ma IP awiri pa 3260! Ndipo foda ya yatsopanoyo palibe.

Wa ku Chinamwali: Apo ndagonja. Koma fsck musaiyendetsenso Pi ili yoyaka.

Wa ku Sadzi: Zoona. Zimitsani zonse ziwiri, kopani disikiyo kaye, e2fsck -f muiyendetse pa seva pa chokopacho. Ikakana superblock (chigawo chofotokoza kasanjidwe ka disiki), yesani -b 32768 kuti itenge yapadera. Zidutswa za mafailo muzipeza mu foda ya lost+found, muwafotokozere eni ake poyera kuti zina sizibwerera. Kenako Pi iliyonse ikhale ndi foda yake ndi LUN (disiki ya iSCSI) yake. Ine ndimaikanso tune2fs -O mmp, imaletsa makina achiwiri kutsegula disiki imene ina yaigwira kale.

Wa ku Matawale: Ndatero madala. Iliyonse yayaka pa disiki yake, dmesg ilibe cholakwa. Mawa ndikhala ndi eni ake tiyang'ane za mu lost+found. Zikomo kwambiri nonse.