Mng'ono wanga amupeza ndi Takayasu, akuchimuna akuti ndi nthenda ya kumtundu

Funso: A admin ndibiseni dzina. Ndili kuno ku Chipata, ndimasunga mng'ono wanga wa zaka 23. Chaka chatha anayamba kudandaula dzanja lamanzere. Akamachapa, kungofinya chitenje chimodzi dzanja lachita dzanzi, mpaka akhale pansi. Ife tinkati ndi ulesi, Mulungu atikhululukire. Kenaka kutentha thupi, kuonda, chizungulire. Malungo anayeza kangapo, TB anayeza, osapeza kanthu.

Tsiku lina a nesi anamumanga makina a BP kumanzere, osawerenga. Anasintha mabatire, chimodzimodzi. Kumanja inakwera mpaka 165. Atagwira pamkono wamanzere kuti amve kugunda, zii. Anatitumiza ku Lusaka, anamujambula CT scan, adokotala nkuti ndi Takayasu arteritis, mitsempha ikuluikulu yochokera kumtima yatupa ndi kuchepa njira.

Pano akumwa prednisolone, nkhope yatupa, ndiye kumudzi ayamba kunong'ona kuti ali ndi pakati. Choopsa nchakuti akuchimuna aimitsa zokambirana za ukwati, ati nthendayi ndi ya kumtundu kwathu, adzabereka ana odwala. Amalume asowa choyankha. Kodi nzoona? Nanga angathe kubereka?

Yankho: Pepani asisi. Ndimagwira ntchito ya zaumoyo. Dzina la Takayasu ndi la Mikito Takayasu, dokotala wa maso wa ku Japan yemwe anafotokoza nthendayi mu 1908. Imakonda akazi osafika zaka 40, ndipo chimachitika nchakuti chitetezo cha m'thupi chimaukira mitsempha yake yomwe. Siyopatsirana. Za kumtunduzo, pali chizindikiro china cha chibadwa chotchedwa HLA-B52 chomwe chimapezeka kwambiri mwa odwala a ku Japan, Korea, India ndi Turkey. Koma anthu ambirimbiri ali nacho ndipo sadwala moyo wawo wonse. Kupeza awiri odwala m'banja limodzi nkosowa zedi. Isafanizidwe ndi sickle cell yomwe mwana amatengera mwachindunji kwa makolo onse awiri. Takayasu imasiyananso malo ndi malo: ku Japan imagwira kwambiri mitsempha ya kukhosi ndi m'manja, ku India imakonda ya m'mimba ndi ya impso, BP nkukwera. Afunseni adokotala ngati anaona mitsempha ya impso.

Yankho: Amayi, izi nza anthu. Mtsikana akangotomeredwa basi dzanja kufa? Bwerani naye ku mapemphero, mapilisiwo asiye.

Yankho: Kupemphera pempherani, koma prednisolone sasiya mwadzidzidzi, munthu amatha kukomoka. Amachepetsa pang'onopang'ono adokotala okha. Kutupa nkhopeko ndi mankhwalawo.

Yankho la wa zaumoyo uja: Ndinaiwala za mimba. Ambiri amabereka bwinobwino, bola nthenda ikhale itazizira ndipo sikelo ayambe msanga chifukwa cha BP. Aziyezetsa dzanja lakumanjalo, lamanzere lizinamiza. Ngati amupatsanso methotrexate asatenge pakati, amawononga mwana m'mimba.

Mwini funso: Zikomo, methotrexate akumwadi, kamodzi pa sabata, ndipo za mimbazo sitinazimvetse bwino. Amalume ati Loweruka apita kwa ankhoswe akuchimuna, ndawawerengera zonsezi pafoni. Wina amene anajambulitsapo CT scan pa NHIMA (inshuwaransi ya zaumoyo ya boma kuno ku Zambia) andiuze mmene anayendera, chifukwa akutifunanso ku Lusaka mwezi wamawa ndipo ya basi yokha tinachita kugulitsa mbuzi.