Kodi "lila" ndi "nila" ndi mawu amodzi?

Wophika wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimaphika pa banja lina la amwenye olankhula Chigujarati. Amayi akamandituma kumsika amati ndikagule "lila marcha", ndiye kuti tsabola wobiriwira, wosauma uja. Dzulo mwana wawo akuonera filimu ya Chihindi anandiuza kuti "nila" ndi buluu. Agogo a pakhomopo anaseka n'kunena kuti mawu awiriwa ndi obadwa bere limodzi. Zoona zimenezi kapena amangondicheza? Buluu ndi tsabola zikukumana pati?

Mphunzitsi wopuma:
Agogowo sananame, mayi. Kholo la mawu onsewa ndi nīla wa Chisanskrit, chinenero chakale cha ku India, kutanthauza buluu woderako, lomwenso ndi dzina la chitsamba chimene amapangira utoto wa indigo wonyikira nsalu. Ana ake ali ponseponse: Chihindi amati nila, Chibengali ndi Chisinhala nil, Chimarathi niḷā. Kwa a Gujarat n yoyambayo inasanduka l, tanthauzo nalo n'kutsetserekera ku masamba ndi zinthu zaziwisi. N'chifukwa chake tsabola wanuyo ndi "lila". Ndipo akafuna kunena buluu weniweni amati vadali, kuchokera ku vadal, mtambo. Musadabwe kwambiri. Ifenso tisanabwereke "buluu" kwa Azungu, suja tinkangoloza kumwamba n'kumati chooneka ngati mtambo?

Wa kabaza:
Ndiye mtsinje wa Nile nawonso ndi mwana wa nila? Paja kuli Blue Nile.

Mphunzitsi wopuma:
Ayi achimwene, pamenepo mwaphonya. Dzina la Nile linafika kwa ife kudzera kwa Agiriki, amene ankati Neilos. Kufanana kwa mamvekedwe kumapusitsa. Achibale enieni ndi monga mapiri a Nilgiri kum'mwera kwa India, mphalapala ya ku India yotchedwa nilgai, kutanthauza ng'ombe yabuluu, ndi Nilakantha, dzina la Shiva, mulungu wa Ahindu amene amati khosi lake linasanduka labuluu atamwa poizoni.

Wogulitsa mankhwala:
Ndiwonjezereko za kuntchito kwathu. Mawuwa anayenda ndi malonda a utoto. Aperezi ndi Aluya anawatenga n'kumati nil, Apwitikizi anamva "an-nil" ya Aluya n'kupanga anil. M'chaka cha 1826 Otto Unverdorben wa ku Germany anatcheza indigo n'kupeza madzi ena amafutamafuta, amene pambuyo pake anatchedwa aniline, chiyambi cha utoto wa m'mafakitale. Ine ndinkaloweza dzinalo kusukulu osadziwa kuti ndi la ku India.

Wophika wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri bambo aphunzitsi. Ndawauza agogo aja za vadali ndi mtambo wathu, aseka mpaka kutsokomola. Kenaka andituma lila marcha wina, ati wa dzana uja wafota.