Funso: kusiyanitsa nyerere za m'mitengo ya mango ku Salima

Moni kwa nonse, makamaka akuluakulu odziwa za tizilombo.

M'munda wathu wa mango kufupi ndi nyanja ku Salima muli mitundu iwiri ya nyerere zokhala m'mitengo, ndipo ndikulephera kutsimikiza gulu la mtundu wachiwiri. Woyambawo ndi wa nyerere zofiirira, zamiyendo itaitali, zimene zimakokerana masamba aawisi n'kuwamata ndi ulusi wotuluka mwa mphutsi zawo, zomwe zimazinyamula kukamwa. Izi ndikukhulupirira kuti ndi Oecophylla longinoda za m'gulu la Formicinae, zomwe katswiri wa tizilombo Latreille anazifotokoza mu 1802. Zilibe mbola, koma zimaluma n'kuthira asidi pabalapo.

Zinazo n'zazing'ono, zakuda, ndipo chisa chawo n'cholimba, chomatidwa pamphanda ya nthambi. Mukagwedeza nthambi zimatukula mimba yosongoka ngati kamtima pamwamba pa msana.

Ndafunsapo alangizi a zaulimi, koma anangoti zonsezo ndi nyerere. Ndayerekezanso ndi zithunzi za pa intaneti, zomwe zikuloza ku Crematogaster za m'gulu la Myrmicinae, koma kamera ya foni yanga siikuonetsa bwino ngati m'chiuno mwake muli timfundo tiwiri kapena kamodzi, pamene kusiyana kwa magulu awiriwa kwagona pomwepo.

Kodi pali chizindikiro china chodalirika chimene munthu angaone popanda makina okuza zinthu? Komanso, popeza zofiirazo zimathamangitsa ntchentche zoboola mango, kodi zakudazi zikachuluka zingazilande mitengo?