Funso: tsiku limodzi lophunzira kuphika ndi kupalasa pamadzi, ana atatu, kuchokera ku Mzuzu

Mayi wa ku Katoto:
Moni nonse pagulu pano. Holide ya Ogasiti ino tikufuna kutuluka tsiku limodzi, ine, bambo akunyumba ndi ana azaka 7, 11 ndi 14. Tikufuna ana aphunzire kuphika zakudya zakunyanja monga kondowole, chigwada ndi nsomba, komanso akwere kabwato kopopa kaja kotsetsereka mumtsinje wothamanga. Ndi mtsinje uti pafupi ndi Mzuzu woyenera ana? Nanga tiyambe chiti, kuphika kapena madzi?

Bambo wa ku Chintheche:
Amayi, za mumtsinjezo zisiyeni ndithu. Luweya ndi Limphasa muli ng'ona, ndipo zimakonda pamene madzi adekha, pomwe munthu amaganiza kuti mpabwino. South Rukuru mu Ogasiti madzi amakhala atatsika, miyala ili poyera, kabwato kopopa kamang'ambika kapena kukanirira pakati pa miyala. Masewera amene anawo akuona pafoni ndi a pa Zambezi, kumunsi kwa Victoria Falls, ndipo kumeneko nthawi zambiri salola mwana wosakwana zaka 15. Tsikirani ku Nkhata Bay, pafupifupi makilomita 50, ola limodzi pa msewu wa M5. Malo ogona alendo angapo kumeneko amabwereketsa makayaki, timabwato tating'ono topalasa ndi nkhafi. Funsani ya anthu awiri yokhalira pamwamba, wamkulu kumbuyo, mwana kutsogolo. Bwato la asodzi musakwezemo ana: ndi lopapatiza, mlendo akangopendekeka latembenuka.

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Yambani ndi madzi. Ogasiti ndi nyengo ya mwera, ndipo nyanja imakonda kudekha m'mamawa n'kuyamba kuwinduka dzuwa likakwera. Nyamukani 6 koloko, pofika 8 mukhale pamadzi, 10 koloko mwatuluka. Dzulo lake madzulo mverani chenjezo la anthambi yoona zanyengo. Akalengeza mwera wamphamvu, kapena mukafika n'kuona mafunde oyera kumutu, tsikulo likhale lophika basi. Palasani motsata gombe, poyamba mopita kumene mphepo ikuchokera, kuti pobwerera mutatopa izikukankhani.

Koma nkhani yaikulu ndi laifu jaketi, jaketi yoyandamitsa munthu m'madzi. Mumuveke mwana, mumange malamba onse, kenako mumukweze pogwira m'mapewa mwa jaketiyo. Ikakwera kufika m'makutu ndiye kuti yakula, ndipo m'madzi idzamuvuka mwanayo. Wazaka 7 akufunika yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Ngati palibe saizi yake, asakwere, ngakhale alire.

Mayi wa ku Katoto:
Zikomo kwambiri, za mtsinje tazisiya. Nanga zophikazo tigule kuno kapena komweko? Ndipo angatiphunzitse ndani?

Agogo a ku Mpamba:
Mwanawe, tomato, anyezi, nsinjiro, mandimu ndi mafuta ugule dzulo lake mumsika wa Mzuzu. Nsomba, ufa wa kondowole ndi chigwada ukagule kunyanja. Wophunzitsa ndi amayi amene amaphika kondowole tsiku ndi tsiku m'malesitilanti apamsika. Pangana nawo masiku awiri zisanachitike, mugwirizaniretu mtengo wake ndi amene abweretse makala.

Chigwada chiyambe pamoto chifukwa ndicho chichedwa. Tengani masamba anthete, chotsani timitengo, ana asinje mumtondo mpaka atalala. Muike m'madzi owira kale, mphika wosavundikira, awire pafupifupi ola lathunthu. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka posinja ndi powiritsa, ndiye pamenepa palibe kufulumira. Akafewa ikani tomato awiri, anyezi mmodzi, mchere, ndi kapu imodzi ya nsinjiro. Nsinjiro zikalowa chepetsani moto, apo ayi zipserera pansi.

Ufanso uusamale. Chinangwa chowawa chimavikidwa masiku angapo mpaka chifewe, kenako chimaumikidwa padzuwa. Lawa kaufa palilime: ukawawa, kapena ukanunkha chuku, usagule.

Kondowole saphika ngati nsima ya chimanga, palibe zoyamba ndi phala. Sefani ufa. Madzi makapu 4 awire mpaka kubwadamuka, tapaniko kapu imodzi muike pambali, tsitsani poto, thirani ufa makapu atatu nthawi imodzi, n'kuyamba kuvundula mwamphamvu poto mutaupana ndi mapazi pansanza. Mphindi zochepa wapsa: kuyera kwa ufa kumatha, amasanduka wotuwa, wonyezimira, wonanda pamthiko. Akalimbitsa, onjezani madzi otentha aja pang'onopang'ono. Mibulu yoyera m'kati imabwera madzi akakhala osawira bwino kapena dzanja likachedwa. Ntchito imeneyi ndi ya wazaka 14, wamkulu atagwira poto.

Bambo wa ku Chintheche:
Agogo anena zoona, koma pa makapu atatuwo ndionjezeko: ufa wa kondowole umasiyana kaumidwe, ndiye khalani ndi kapu ina pafupi. Komanso makapu 4 amadziwo ndi a anthu awiri kapena atatu. Kwa anthu asanu phikani kawiri m'malo mwa mphika umodzi waukulu, womwe mwana sangauthe kuvundula.

Nsomba funsani batala kapena chambo. Maso akhale owala, makha ofiira, mnofu ukausindikiza ndi chala ubwerere. Potumbula samalani ndulu, ikaphulika nsomba yonse iwawa. Chekani mizere itatu mbali iliyonse, pakani mchere ndi mandimu, dikirani makala achite phulusa pamwamba. Pakani mafuta pawaya, tembenuzani kamodzi kokha, khungu likayamba kudzichotsa lokha. Wazaka 11 angathe kupala mamba ndi supuni, osati mpeni.

Mlongo wa ku Chibavi:
Wamng'onoyo mupatseni zitumbuwa: afinye nthochi zitatu zakupsa kwambiri, asakanize ndi kapu imodzi ya mgaiwa ndi kamchere. Kuponya m'mafuta achite wamkulu. Mafuta akapanda kutentha bwino zimamwa mafuta, akatenthetsa zimada kunja m'kati muli mwamuwisi.

Ndipo tisaiwale likodzo. Nkhono zake zimakhala m'mabango ndi m'madzi odekha osaya, ndiye ana asasewere pamenepo. Pakatha masabata 6 mpaka 8 pitani kuchipatala mukanene kuti munalowa m'nyanja. Praziquantel, mankhwala a likodzo, amapereka molingana ndi sikelo ya munthu, musagule mongoyerekeza. Kumwa tsiku lomwelo sikuthandiza chifukwa mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima.

Mayi wa ku Katoto:
Wazaka 7 sadziwa kusambira n'komwe. Akwerebe?

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Akwere pokhapokha jaketi yamukwana, ali ndi wamkulu wodziwa kusambira, ndipo pali wotsogolera wa komweko pa kayaki ina. Asanakwere, mulowe naye m'madzi ofika m'chiuno mwanu, agone chagada atavala jaketi mpaka aone yekha kuti ikumuyandamitsa. Akachita mantha pamenepo, atsale kumtunda ndi mmodzi wa inu. Tenganinso majuzi, pobwerera madzulo ku Mzuzu kudzakhala kukuzizira.