Mitu ya nkhani nkhondo ya Hitler itatha: kwanu anaimva bwanji?

Mdzukulu wa Kalaliki, Luchenza

Abale anga a ku Thyolo ndi Mulanje, funso langa likupita kwa inu amene munakula ndi anganga okonda kucheza. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, nkhani zikuluzikulu zakunja zinkafika kumudzi kudzera pakamwa pa munthu mmodzi kapena awiri odziwa Chingelezi. Anganga anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Anali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya tiyi, ndipo akaweruka ankatenga Nyasaland Times imene mzungu wathana nayo n'kukawerengera anthu kumalayini. Ankangomasulira mutu wa nkhani ndi mizere iwiri kapena itatu. Zotsalazo anthu ankamalizitsa okha, ndipo pokoma m'pomwepo.

Imene imandiseketsa mpaka lero ndi ya mu February 1952. Mfumu George VI yamwalira, ndipo nyuzi yalemba kuti walowa ufumu ndi mwana wake Elizabeth, wazaka 25. Akuti anthu anangoti zii. Kenaka mkulu wina wachilomwe anafunsa ngati malemuwo analibe mlongo. Anganga anayankha kuti alipo, dzina lake Mary, ndipo ali ndi ana aamuna awiri. Mkulu uja anamenya ndodo pansi: basi, ufumu wabedwa! Paja kwathu kuno ufumu umatsata bere la mlongo, mwana wa mfumu ndi wa kwa mayi ake. Usiku womwewo anagwirizana kuti ku London kubuka mlandu wosatha, akubanja akadandaula, DC aitanidwa kwawo kukakhala nawo pabwalo, ndiye chaka chimenecho msonkho kulibe. Ena anadyeratu ndalama ya msonkho pa mowa wa masese. Mesenjala anafika pa nthawi yake ngati kale, ndipo pa 2 June 1953 Elizabeth anavekedwa chisoti popanda mwana wa mlongo aliyense kudzutsa mlandu.

Ine akuluakulu aja ndimawamvetsa. Mwambo wawo ankaudziwa bwino lomwe, koma nkhani anapatsidwa theka. Kodi kwanu kunalinso zotere? Ndikufuna kuzilemba eni ake asanathe.

Mayi a ku Limbuli

Achimwene, mwandikumbutsa amayi anga. Kwathu kunalibe owerenga nyuzi, tinkadalira wailesi ya bambo wina wa kantini pamsewu wopita ku Muloza. Inali ija ya Ever Ready yooneka ngati sefuliya, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949, ya batire lalikulu loika pambali. Ankatchera siteshoni ya ku Lusaka chifukwa inkaulutsa m'Chinyanja.

Mu October 1957 anamva kuti a ku Russia aponya chitsulo kumwamba chotchedwa Sputnik ndipo chikuzungulira dziko osagwa. Zimenezo sizinawadetse nkhawa kwenikweni, ankangoti chidzagwera kwa eni ake. Chimene chinasokoneza mudzi ndi cha mwezi wotsatira, pamene wailesi inati atumizakonso galu, dzina lake Laika. Pamudzi panali mdala wina amene anamenya nkhondo ku Burma ndi asilikali a Keyala. Iye anati izi akuzidziwa: zimayamba ndi mmodzi, kenaka mfumu iliyonse imauzidwa kuti ipereke chiwerengero chake, monga zinachitikira polemba asilikali. Mngelezi sangalole kupitidwa ndi Russia, ndiye agalu akawatenga kuti kupanda ku Nyasaland?

Anganga anga aakazi anali ndi galu wodziwa kuthamangitsa anyani m'munda wa chimanga m'mbali mwa phiri. Anamumanga chingwe n'kumubisa kuseri kwa nkhokwe, ndipo akangoona njinga ya boma ankamufunditsa chiguduli. Amayi ankati galuyo ananenepa nthawi imeneyo chifukwa ankadya mkute wonse kuti asauwe, pamene anyani anali pa phwando kumunda. Patapita nthawi atamva kuti Laika sanabwerere, anganga analira ndithu, amvekere galu wa mwini wafa opanda womuika.

Mphunzitsi Wopuma, Bvumbwe

Ana anga, ndaseka mpaka misozi, makamaka za galuyo. Koma pa mndandanda wanuwo musasiye Chitaganya, ngakhale kuseka kwake n'kosakanikirana ndi zowawa.

Nyuzi zitayamba kulemba kuti Nyasaland iphatikizidwa ndi ma Rhodesia awiri aja, ife tinali ana asukulu, ndipo tinkamva zodabwitsa. Ena ankati phiri la Mulanje aligula kale, ndipo wofuna kutunga madzi mu Ruo kapena mu Thuchila azidzayamba walembera kalata ku Salisbury (Harare wa lero). Atsibweni anga, amene anagwirapo ntchito m'mafamu a fodya ku Southern Rhodesia, ankati ngakhale nkhuku izidzayenda ndi chitupa ikamapita kwa oyandikana nawo. Tinkagwa nako kuseka, koma iwo ankanena nkhope ili gwa, chifukwa chitupa anachinyamulapo ndipo ankadziwa chimene chimachitika wapolisi akakupeza ulibe.

Anthu a kuno anali ndi chifukwa chochitira mantha kuposa a maboma ena. Malo ambiri abwino ku Thyolo ndi Mulanje anali kale m'manja mwa eni maesiteti, ndipo mabanja okhala pamenepo ankagwira thangata kuti asathamangitsidwe. Munthu wotero ukamuuza kuti azungu a ku Salisbury akubwera kudzalamulira, akuganiza za munda wake basi. Chitaganya chinayamba pa 1 August 1953, ndipo mwezi womwewo kuno kunabuka chipwirikiti. Chinayambira kufupi ndi kwanu komweko ku Luchenza, pa nkhani ya malalanje a pa esiteti ina, mphekesera itamveka kuti amene anagwidwa powaganizira kuti akuba malalanjewo aphedwa. Anthu anagwetsera mitengo m'misewu, apolisi anaombera mfuti, ndipo anthu anafa. Nkhuku sinanyamule chitupa ayi, koma zinatengera kubwera kwa Dr Banda pa 6 July 1958, kumangidwa kwa anthu ochuluka kuyambira pa 3 March 1959, mpaka 31 December 1963 kuti chinthucho chithe.

Mnyamata wa pa Chitakale

Bambo aphunzitsi, zikomo, za malalanjezo sindinkazidziwa. Yanga ndi yakumbuyo kuno, kaya ilowa nawo. Mu July 1969 MBC italengeza kuti Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin aponda pamwezi, azakhali anga anakana kutuluka panja usiku, ati anthuwo akuona aliyense wopita kuseri kwa nyumba. Anzawo achisilamu ankafunsa kuti mwezi wopondedwa ndi nsapato udzaonekanso bwanji nthawi ya Ramadan. Koma mdala wina wocheka matabwa a mkungudza kuphiri sanatekeseke n'komwe. Anati kumwezi apita chifukwa kulibe eni, ayese kukagona pa Sapitwa osapempha kwa mizimu tione.

Mdzukulu wa Kalaliki, Luchenza

Ilowa ndithu achimwene, ya Sapitwayo ndailemba kale. Mayi a ku Limbuli, galu uja anamumasula liti, ndipo chimanga chinatsalako? Bambo aphunzitsi, anganga anga nkhani ya malalanje ankaidumpha dala, tikafunsa ankangoti masiku amenewo sikelo sinagwire ntchito. Ngati mungalole, Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya ku Limbe nditsike pa Bvumbwe ndi kope langa, mudzandifotokozere bwinobwino mmene zinayendera kuchokera pa Luchenza mpaka kufika kwanuko.