Mitengo ya mthunzi ndi yamaluwa pakhomo: ndidzale iti?

Mayi a ku Area 49: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Puloti yanga ndi ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, dothi lake ndi katondo. Ndikufuna mtengo umodzi wa mthunzi ndi ina yamaluwa. Ndidzale iti yoti isadzang'ambe khoma la nyumba?

Wanazale: Mayi, pamalo ochepa chonchi bulugamu ndi mbawa muiwale, imeneyo ndi yakumunda. Wa mthunzi dzalani msikidzi, umakhala ndi masamba ngakhale mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Uyikeni mamita osachepera 8 kuchokera pakhoma, kutali ndi thanki ya chimbudzi, chifukwa mizu imalondola chinyezi n'kutseka mapaipi. Musaudzalenso pansi pa mawaya a magetsi. Jakaranda ndi flamboyant maluwa ake ndi okongola zedi, koma mizu ya flamboyant imayanza pamwamba n'kutukula simenti. Pafupi ndi khonde dzalani frangipani, mamita 3 akwana. Mumangodula nthambi, kuisiya pamthunzi sabata imodzi kuti utomoni uume, kenako n'kuzika. Mukaizika yaiwisi imaola. Utomoniwo umayabwa, ana asauseweretse.

Bambo a ku Bvumbwe: Ndiwonjezepo za dzenje, poti pa katondo ambiri amalakwitsa pomwepa. Kumbani masentimita 60 mbali zonse, kuya chimodzimodzi. Dothi lapamwamba liikeni palokha, mulisakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Ng'ambani chubu musanadzale, mizu yopiringizana muidule ndi mpeni wakuthwa. Mbande ikwiriridwe polekeza dothi la m'chubu. Mukamiza tsinde, khungwa limaola. Dzalani mvula ikakhazikika, cha mu Disembala, kuti mizu igwire chilimwe chisanafike. M'chilimwe choyamba thirirani malita 20 kamodzi pa sabata. Kuwaza timadzi tsiku ndi tsiku kumachititsa mizu kungoyenda pamwamba.

Mlangizi wopuma: Zonsezi n'zoona, koma chiswe musachiiwale. Mukaphimbira ndi udzu wouma, siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde, muwazepo phulusa. Udzu ukagunda tsinde ndiye kuti mwachiitana nokha. Ngati kumabwera mbuzi, tchingirani ndi nsungwi mpaka mtengo utapitirira msinkhu wa munthu. Nthambi zam'munsi muzisadza pang'onopang'ono ndi sowo, osati chikwanje, chifukwa chimasiya bala long'ambika lomwe limalowetsa kuola.